Tsiku Limene Pepala Linafunsa Burul za Mwana Wake

Pa amayi tonse amene timasoka mikeka ya ubweya m'mudzi mwathu muno, kumtunda kwa tauni ya Kochkor, Burul ndiye wosalankhula. Enafe pakamwa pamathamanga kuposa singano. Iye amakhala pakona pafupi ndi chitseko, mpango uli kumutu, n'kumadula maluwa pa ubweya wofiira osayamba wajambula ndi choko, ndipo saphonya. Mukamufunsa kuti kunyumba kuli bwanji amangoti, "Tikuthokoza," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mufunseni za pepala limene amasunga pansi penipeni pa bokosi lake la ukwati, mudzaona munthu akuika sizasi pansi n'kutembenuka. Si pepala la sukulu kapena la munda. Ndi la kuchipatala, la mafunso makumi awiri ndi limodzi, lokhala ndi timabokosi tochonga, ndipo analikulunga m'nsalu yoyera.

Burul anabwera m'mudzi muno ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kudzakwatiwa ndi Mederbek, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi Zuurakan. Anachita zonse zimene mtengwa woleredwa bwino amachita. Ankawerama pamaso pa apongozi ake m'mawa uliwonse, ankathira tiyi atakhala cha kuchitseko, ankakama ng'ombe dzuwa lisanatuluke. Ndipo sankatchula dzina la m'bale aliyense wa mwamuna wake. Aliyense ankamupezera dzina lina lomuitanira, monga tinkachitira tonsefe tili atengwa.

Chaka chotsatira anabereka mwana wamkazi, Nazik. Mwana woyamba ndi wa agogo ake, zimenezo kuno palibe amene amachita kuuzidwa. Mwanayo anayamwa chaka ndi miyezi iwiri, kenako tsiku lina mayi Zuurakan ananyamula kabedi kake kogwedeza n'kudutsa nako pabwalo, kuchoka m'kanyumba ka Burul kupita m'nyumba yaikulu. Ndi mapazi makumi atatu okha, Burul anawawerenga. Kuyambira tsiku limenelo Nazik anakhala mwana wotsiriza wa mayi Zuurakan, ndipo atayamba kulankhula ankawaitana kuti amayi. Mederbek, bambo ake omubereka, anasanduka achimwene. Burul anasanduka alamu. Ndiye poti mwanayo tsopano anali mlongo wa mwamuna wake, dzina lake nalonso linalowa m'gulu la maina osatchulika. Burul anamupezera lina. Ankamuitana kuti Wandolo, chifukwa cha tindolo tasiliva timene agogo ake anamuveka ali ndi zaka zitatu.

Musaganize kuti mayi Zuurakan anali nkhalamba yankhanza. Pakamwa pokha ndi pamene panali tsabola. Mwanayo ankamukonda mpaka kupusa naye. Mafuta a pamwamba pa mkaka anali a Nazik, chiwalo chabwino cha nkhosa chinali cha Nazik, ndipo amuna awo atamwalira, chimene chinawadzutsa pamphasa anali Nazik yemweyo. Nawonso mwana wawo woyamba anatengedwa chimodzimodzi, ndiye sankaonapo chachilendo. Burul anabereka ana ena awiri, Mederbek anapita ku Moscow kukagwira ntchito yomanga, ndipo pakhomopo panatsala amayi awiri ndi ana.

Burul sanadandaulepo kwa munthu. Koma mwambo unamutseka pakamwa pokha, za maso sunanenepo kanthu. Anadziwa tsiku limene dzino loyamba la Nazik linaguluka, anadziwa kuti mwanayo akanama amakanda chigongono, anadziwa nyimbo imene ankaimba akamatsuka mbale. Zenera la chipinda cha Nazik linayang'anizana ndi khola la ng'ombe, ndipo m'mawa uliwonse, ndowa ili m'manja, Burul ankaliponyera diso asanalowe m'kholamo. Anachita zimenezi zaka zonsezo, osaphonya ndi tsiku limodzi.

Zinthu zinayamba Nazik ali ndi zaka khumi ndi zitatu, nyengo imene nkhosa zimaswa. Mtsikana amene ankachita manyazi ndi alendo anayamba kulankhula ngati wailesi. Anapaka laimu mpanda wonse yekha, anachapa zofunda zonse za m'nyumba, anasoka kamkeka kokhalira m'masiku anayi, ntchito imene ine imanditengera masabata atatu. Mudzi wonse unamutamanda, ndipo ineyo ndinali patsogolo. Mayi Zuurakan ankayenda chifuwa chili patsogolo.

"Mwana wanga ameneyu ndi moto!" ankatiuza. "Amene adzamutenge adzapeza antchito atatu mwa munthu mmodzi. Anu aja akadali m'bulangete, eti?"

Burul yekha ndi amene anaona kuti popita kukakama, nyale ya m'chipinda muja inali ikuyakabe, masiku asanu otsatizana. Anaonanso kuti zogonera zimene zimasanjikidwa pabokosi m'mawa zinali momwe anazisiyira dzulo lake, ngodya ya chofunda chobiriwira ili yopindika momwemo. Mwanayo sankagona, komanso sankatopa. Patapita masiku khumi motowo unazima wokha. Ikafika nyengo yokumba mbatatesi, Nazik yemweyo ankagona chafufumimba nkhope ili kukhoma, osasamba, osapita kusukulu, akafunsidwa n'kumangoti mutu. Mayi Zuurakan ankati ndi ulesi wa atsikana akamakula. Zinachitika chaka chimenecho, zinachitikanso chaka chotsatira.

Chaka chachitatu kugwako kunanyanya. Nazik anasiya ngakhale kumwa tiyi, masaya n'kulowa. Mayi Zuurakan anamutengera kuchipatala cha m'boma, kumene dokotala wina wotopa anaona mtsikana wowerama mutu kwa mphindi khumi, n'kumulembera mapiritsi a matenda ovutika maganizo. Za masiku a moto aja palibe anatchula. Sikuti ankabisa ayi. Ndani amapita kuchipatala kukadandaula kuti mwana wanga amalimbikira ntchito?

Patapita masabata atatu Nazik anadzuka, ndipo anadzuka kuposa kale lonse. Analowa m'shedi yathu yosokeramo n'kuduladula mkeka wathunthu umene tinausoka miyezi iwiri, akuti waona maluwa atsopano m'mutu mwake amene anthu adzachite kuchokera kunja kudzawaona. Tsiku lina anakwera hatchi yolusa ya aneba popanda chishalo, ali ndi kadiresi kokha m'chisanu chija, n'kuthamangitsa kulowera kumapiri. Abusa ndi amene anamubweza, akuseka yekha, milomo itachita bii ndi kuzizira.

"Mwana wachira," anatero mayi Zuurakan, ngakhale mawu awo sanali olimba kwenikweni. "Mankhwala agwira. Kungoti agwira mopitirira pang'ono."

Kenako Nazik anagwanso. Masana ena a mwezi wa Novembala, Burul akupita kukatunga madzi ku ngalande yaikulu, anamupeza ataima pa mlatho, ali wopanda nsapato. Chikhoti chake anali atachipinda bwinobwino n'kuchiika pa chitsulo cha mlathowo, pamwamba pake ataikapo ndolo zija.

"Wandolo, chisanu chonsechi opanda nsapato?" anatero Burul, akuyandikira pang'onopang'ono ngati akufuna kugwira nkhuku.

"Alamu, ndatopa," anayankha Nazik, maso ali pamadzi. "Tengani ndolozi, mudzapatse wina."

Burul anataya ndowa n'kumugwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Aka kanali koyamba kumukumbatira chichokereni kabedi kaja m'nyumba mwake, ndipo anadabwa kuti mwana wamtali chonchi angapepuke bwanji. Anamuveka chikhoti, anamuveka nsapato zake za iye mwini, n'kubwerera naye kunyumba iye akuponda pansi ndi masokosi. Ndolo anaziika m'thumba. Kwa apongozi ake sananene za mlatho, poopa kuti mtima wawo unali wodwaladwala. Anaimbira foni Mederbek ku Moscow, Mederbek n'kuimbira amayi ake kuti mwanayo apite naye msanga ku likulu la dziko, ku Bishkek. Umu ndi mmene mtengwa amalankhulira ndi apongozi ake nkhani ikakula. Mawu amayenda ulendo wa ku Moscow n'kubwerera, kuti adutse mapazi makumi atatu.

Ananyamuka atatu pa takisi ya m'mawa, Burul atatengedwa ngati wonyamula chikwama. Kuchipatala cha ana ovutika maganizo, dokotala wamkazi wa imvi zoyamba kumene, a Damira, analowa ndi Nazik yekha m'chipinda. Namwino anatuluka ndi pepala ndi cholembera.

"Mayi wa mwana ndi uti?"

"Ndine, simukuona kufanana?" anatero mayi Zuurakan.

"Muyankhe mafunso onsewa. Funso lililonse muchonge bokosi limodzi: sizichitika, nthawi zina, kawirikawiri, kapena pafupipafupi kwambiri."

Mayi Zuurakan anapisa m'chikwama, anapisa m'matumba, anatukwana pang'ono. Magalasi anali atatsala pawindo kunyumba.

"Mtengwa iwe, tenga. Uziwerenga, ine ndiziyankha, iwe uzichonga. Ndipo uwerenge mokweza, usamang'ung'udze ngati njuchi ili m'botolo."

Anakhala pabenchi m'khonde, pepala lili pabondo pa Burul. Mzere woyamba unali wa dzina la mwana. Burul anaima kaye. Mwambo umaletsa kutchula, koma za kulemba sunanene, poti amene anauika sankalemba. Analemba zilembo zisanuzo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira.

"Apa pakuti ubale wanu ndi mwanayo," anawerenga.

"Lemba kuti mayi ake. Pitiriza."

"Kodi pamakhala masiku amene mwana wanu amasangalala mopitirira muyeso popanda chifukwa, mosiyana ndi mmene amakhalira nthawi zonse?"

"Kusangalala kwasanduka matenda liti? Sizichitika."

Burul anachonga.

"Kodi amalankhula mofulumira kwambiri moti n'kovuta kumudula?"

"Ameneyo anatengera ine. Sizichitika."

Burul anachonga.

"Kodi pamakhala masiku amene amadziona ngati ali ndi luso kapena mphamvu zoposa anthu ena onse?"

"Nanga alibe luso? Anthu a m'tauni nsanje basi. Chonga kuti sizichitika." Kenako anatsitsa mawu, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Umve iwe, mapepala a boma safa. Akangomulemba kuti ndi wozungulira mutu, mudzi wonse umva sabata isanathe, ndiye adzamukwatira ndani? Tabwera kuti amuchotse chisonichi basi. Masiku abwino aja asawakhudze, ndi okhawo amene ndimamuona mwana wanga akuseka."

Burul anawamvera chisoni, chifukwa anadziwa kuti akulankhula ndi mantha komanso chikondi. Anachonga bokosi lachitatu labodza.

"Kodi pamakhala masiku amene mwana wanu amagona pang'ono kwambiri, kapena osagona n'komwe, koma osaoneka wotopa?"

"Amagona ngati mwala. Chipinda changa n'choyandikana ndi chake, ndikanamva."

Cholembera chinafika pamwamba pa bokosilo n'kuima. Burul anaona kuti pepalali likalowa m'chipindamo lili ndi "sizichitika" kuyambira pamwamba mpaka pansi, dokotalayu aona zimene anaona mnzake uja, alemba mapiritsi omwe aja, ndipo tsiku lina ku mlatho kuja sikudzadutsa munthu wotunga madzi. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anali asanatsutsepo apongozi ake ngakhale pa nkhani ya mchere.

"Wagona kodi? Chonga."

"Amayi, mundikhululukire. Sagona."

"Wati bwanji?"

"Sagona, amayi. Chaka chimene anapaka mpanda, masiku asanu. Chaka chatha, nthawi yometa nkhosa, masiku asanu ndi awiri. Mwezi wathawu masiku khumi ndi limodzi. Ndikamapita kukakama nyale imakhala ikuyaka, zogonera zosayala."

Mayi Zuurakan anatembenuka thupi lonse n'kumuyang'ana ngati ng'ombe yawo yalankhula.

"Tamuonani! Zaka zonsezi uli duu ngati chitsa, lero wamera lilime m'khonde la chipatala? Mwana ndalera ine, ndamupukuta mamina ine, iwe ukandiuze mmene amagonera? Ndiwe ndani wake iwe?"

Anthu a pabenchi lina anasiya zawo n'kuyamba kumvetsera. Burul anapisa m'thumba la chikhoti, n'kutulutsa ndolo ziwiri zija, n'kuziika papepalapo.

"Ndinakuuzani kuti zinatayika, amayi, koma sizinatayike. Anazivula yekha pa mlatho wa ngalande yaikulu, Lachiwiri lapitali. Anavulanso chikhoti ndi nsapato. Anandiuza kuti ndidzapatse wina."

Nkhalambayo inayang'ana ndolozo. Anazitola ndi zala zawo zopindika ndi nyamakazi, n'kuzifumbata, n'kuika chibakeracho pachifuwa.

Chitseko chinali chitatseguka kale pang'ono, ndipo a Damira anali ataima pamenepo. Anayang'ana mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri amene amati ndi mayi wa mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anayang'ana mayi wachitsikana wa mpango amene mphuno yake inali ya Nazik yeniyeni. Sanafunse chilichonse, poti nawonso ndi mwana wa kumudzi. Analowa, n'kutuluka ndi pepala lina losalemba.

"Amayi," anatero kwa mayi Zuurakan mwaulemu, "mwana wanu wandiuza za chisoni chake chokha. Si kuti akubisa. Ana otere akakhala pansi sakumbukira bwino masiku amene anali pamwamba, ndipo akakhala pamwamba saona kuti pali vuto. N'chifukwa chake timafunsa akuluakulu a pakhomo, makamaka amene amamuona tsiku ndi tsiku. Mapepala akakhala awiri, kwa ine ndi bwino kuposa limodzi. Mungalole kuti mtengwa wanuyu ayankhe lake?"

Mayi Zuurakan anatenga pepala loyamba lija pabondo pa Burul, n'kulipinda kanayi, n'kulilowetsa m'chikwama chawo.

"Langali latha ntchito," anatero ndi mawu osasa. "Mpatseni uyu. Zikuoneka kuti ndi amene ali ndi maso pakhomo panga."

Burul analemba dzina lija kachiwiri. Mzere wa ubale anaudumpha. Kenako anayamba kuyankha, ndipo timabokosi tija tinamuchepera. M'mphepete mwa funso lililonse ankawonjezera ndi tizilembo ting'onoting'ono: nkhosa zikuswa, titangometa, sabata yomweta udzu, mbatatesi zili m'munda. Za kupsa mtima msanga analemba za tsiku limene Nazik anaphwanya timbale ta tiyi chifukwa mng'ono wake anamudula mawu. Za kuchita zinthu zoika moyo pachiswe analemba za hatchi ija. Za kusinthasintha analemba kuti pamakhala masiku ena amene amaseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo kuti masiku amenewo ndi amene iye amawaopa kwambiri. Polemba anapeza kuti akulira, osati ndi chisoni chokha ayi. Mafunsowo ankamufunsa ngati munthu wodziwa, limodzi pambuyo pa linzake, ndipo lililonse linali ndi mawu akuti "mwana wanu". Chibadwire Nazik, palibe munthu anali atamufunsapo kanthu za iye.

A Damira anawerenga pepalalo kawiri, kenako anawalowetsa onse awiri, Nazik atapita ndi namwino kukatengedwa magazi. Anati pepala si woweruza, limangolozera pamene dokotala ayenera kukumba, ndipo anakumbadi. Anafunsa mafunso ola lathunthu. Anafunsa za mapiritsi aja, tsiku limene anayamba kumwa ndi tsiku limene motowo unabuka. Anafunsa za sukulu, za chakudya, ngati panachitika chilichonse choopsa pakhomo. Pomaliza anafunsa ngati kubanjako kunali wina wa khalidwe lofanana nalo. Burul anati kwawo sakudziwako aliyense. Kenako mayi Zuurakan anatsokomola.

"Malemu amuna anga," anatero. "Chaka china anagwetsa khola n'kumanga lina m'masiku atatu, usana ndi usiku, akuimba. Kenako miyezi iwiri osatuluka m'nyumba. Zinkabwera n'kumapita. Ife tinkangoti ndi mmene alili bambowo. Tinkati akadzuka ndiye kuti achira."

A Damira anagwedeza mutu. Anati zonse zikulozera ku matenda amene madokotala amati baipola, matenda a mbali ziwiri, kukwera ndi kugwa, ndipo masiku a moto aja si kuchira koma ndi mbali ina ya matenda omwewo. Anati mapiritsi a chisoni akaperekedwa okha kwa munthu wotere amatha kumukankhira pamwamba kwambiri, kenako kugwa kwake n'kukhala koopsa. Anati Nazik atsale m'chipatala masabata atatu kuti amuonetsetse asanatsimikize, ndipo ngati zili choncho mankhwala alipo ena, a nthawi yaitali, ofuna kuyezetsa magazi ndi kugona pa nthawi yake.

"Adzakwatiwa?" anafunsa mayi Zuurakan.

"Ayambe wakula kaye, amayi. Ndili nawo odwala ena amene ndi aphunzitsi, ena ali ndi ana awo. Koma onsewo anayamba ndi kukhala moyo."

Akutseka faelo, dokotalayo anaima n'kutembenuzira pepala lija kwa Burul.

"Apa simunalembe. Ubale wanu ndi mwanayo."

Burul anayang'ana apongozi ake. Iwo anali akuyang'ana pawindo, kumene kunalibe chooneka koma khoma la nyumba ina.

"Zinazo walemba zoona zokhazokha mpaka kundichititsa manyazi," anatero osatembenuka. "Pamenepo pokha ndiye ukufuna uname?"

Burul analemba kuti mayi. Ndipo asanatuluke anachita chinthu chimene sanachitepo kwa munthu wa ofesi. Anapempha. Anafunsa ngati angamujambulire pepalalo pamakina kuti apite nalo kwawo, ndipo a Damira anamujambulira osafunsa chifukwa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda myaa, koma inu mukudziwa kuti matenda samvera nkhani. Mankhwala oyamba ankamunjenjemeretsa manja, anachita kusintha. Chaka chachiwiri Nazik anawasiya mwakabisira, akuti akusowa masiku ake a moto, ndipo Burul anazindikira pa tsiku lachiwiri, nyale ija itayakanso. Ulendo umenewo Burul sanadzere ku Moscow. Anadutsa pabwalo n'kugogoda yekha, ndipo tsiku lomwelo anali pa takisi. Mudzi unamvadi, monga ananenera mayi Zuurakan, ndipo ena analankhula zopusa. Nkhalambayo inawayendera khomo ndi khomo n'kuwakumbutsa za m'mabanja mwawo, moti nkhaniyo inafa msanga. Lero Nazik ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, akuphunzira zojambula mumzinda wa Naryn, ndipo maluwa atsopano amene tikudula chaka chino anajambula ndi iye, pang'onopang'ono, m'miyezi iwiri.

Burul amathokoza anthu ambiri. Amathokoza a Damira, amene amawatumizira mafuta a mkaka chaka chilichonse. Amathokoza apongozi ake, chifukwa akudziwa chimene chinawachokera tsiku limene anapinda pepala lawo kanayi. Amathokoza ngakhale magalasi aja chifukwa chotsala pawindo. Koma akafika pa anthu amene analemba mafunsowo, amene sawadziwa ndipo sadzawaona, mawu amamuthera. Amangoti kwinakwake kuli munthu amene anakhala pansi n'kuganiza kuti mayi amene amayang'ana mwana wake m'mawa uliwonse angakhale akudziwa kanthu, ndipo kuti munthu ameneyo Mulungu amudalitse.

Tsiku limene amalikamba mochedwa, mukamuumiriza, ndi la sabata imene Nazik anatuluka m'chipatala. Anali madzulo dzuwa likadalipo, tiyi ali pamphasa m'nyumba yaikulu, nthawi ya mankhwala itakwana. Nazik anali kuseri kwa khola akuyang'ana nkhosa. Mayi Zuurakan anatenga kabotolo ka mapiritsi pashelefu, n'kukakankhira kwa Burul.

"Uzisunga ndiwe. Ine ndingamupatse anga a mtima. Pita kamuitane."

Burul anaima pakhomo. "Wandolo!"

"Wandolo ndi ndani?" inatero nkhalambayo kumbuyo kwake. "Ndolo ndimusungira ine mpaka adzazifune yekha. Mwanayo ali ndi dzina. Unalilemba kawiri papepala la boma, pakamwa ndiye likukulemera?"

Burul anatembenuka kuti aone ngati akumuyesa. Mayi Zuurakan anali otanganidwa ndi kunyema buledi, akumunyema tizidutswa tambirimbiri toposa anthu a pakhomopo. Burul anayang'ananso kubwalo. Atayesa kuitana ulendo woyamba panangotuluka mpweya. Anagwira chitseko.

"Nazik!"

Mtsikanayo anatulukira pakona pa khola, udzu uli m'manja, n'kuima. Zoti anabadwa kwa ndani anali atazimva kalekale kwa anzake kusukulu, monga amamvera ana onse otere, koma m'nyumbamo zinali zisanatchulidwepo. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pabwalo paja, mpaka anafika pafupi moti akanatha kumva ngakhale kunong'ona. Anaika udzu pansi n'kupukuta manja pa chikhoti.

"Sindinamve bwino," anatero. "Itananinso."